Phulusa Limene Sekuru Mwale Anakwirira

Nkhani iyi sindinaiuzepo munthu, ngakhale mkazi wanga amene tinagona mphasa imodzi mpaka tsiku limene anatisiya. Ndikuilemba tsopano chifukwa Sekuru Jekapu Mwale tawaika m'manda Lachinayi lapitali, ndipo mwa anthu a pa komboni amene analowa m'shedi tsiku la mlandu, wotsala ndine ndekha. Zala zanga zinadziwa cholembera imvi zitayamba kale, choncho mundikhululukire pamene nkhani ikhote.

Mukafika pa famu yathu kuno ku Glendale, mukadutsa mabalani a fodya n'kutsetsereka cha ku mitengo ya bulugama, mupeza manda a anthu a pa komboni, ife antchito ogona m'nyumba za famu. Mitumbira yake ndi yaing'ono, ina inafafanizika kale ndi mvula. Koma pali umodzi waukulu ngati chulu, woti ngolo ya ng'ombe itha kuimapo. Alendo amafunsa ngati munagona mfumu. Munagona Zuze, kamunthu kochepa thupi kochokera ku Tete, amene ntchito yake inali yotuta nkhuni ndipo analibe ngakhale bulangete lachiwiri. Pambali pa mtumbirawo pali chisakasa cha malata akuda ndi moto. M'menemo ndi mmene Sekuru Mwale anakhala zaka zawo zomaliza, akulondera kuti mandawo asafukulidwe.

Sekuru, monga amatchulira agogo kuno, anabwera m'dziko muno wapansi kuchokera ku Dedza, adakali mnyamata, gulu limodzi ndi bambo anga. Moyo wawo wonse anauthera pakamwa pa ng'anjo, kuwotcha fodya, poyamba kwa murungu, mzungu mwini famu, kenako kwa amene anabwera pambuyo pake. Nsidze analibe. Zinapsa kalekale ndipo sizinamerenso, moti nkhope yawo inkaoneka ngati ikudabwa nthawi zonse, pamene iwo sankadabwa ndi kanthu. Pampando sankakhala. Anali ndi chipika chawo cha mtengo wa msasa chimene ankachikoka kuchoka pa balani ili kupita pa linzake, ndipo wina akakhalapo ankangomuyang'ana mpaka wokhalayo adzuke yekha. Tiyi ankamwera m'chitini cha jamu, wopanda shuga. Fodya sanasutepo. Ankati wophika amadziwa zimene zagwera mumphika.

Moto ankaulankhula ngati ng'ombe yaliuma. Ankati ndi wantchito amene salandira malipiro, choncho ukamutembenukira msana amadzitengera yekha chimene wafuna. Wolavulira m'ng'anjo ankamumenya khofi, kaya ndi mwana wa kapitawo. Musawayese munthu wofatsa ayi. Mwana wawo yekhayo wamwamuna anamukwapula ndi chikuni chifukwa chowodzera pa moto, mnyamatayo n'kuthawira ku Harare, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo. Ndi mkulu wa mpingo ankakangana chaka chilichonse, poti nyengo yowotcha fodya ikafika Sekuru sankaponda m'tchalitchi. Akafunsidwa ankayankha kuti Mulungu amene analenga moto akudziwa kuti motowo sudziwa Sabata.

Ntchito yawo ina inali ya maliro. Iwo ndiwo ankatsogolera adzukulu a pa komboni, okumba manda ndi kunyamula mitembo. Mtumbira uliwonse ankaudziwa mwini wake ndi kumene anachokera: uyu wa ku Ntcheu, uyu wa ku Chipata, uyu sananene. Kawirikawiri ankatikumbutsa kuti ife ana a anthu obwera tilibe munda m'dziko lino, tilibe mudzi, nyumba zomwe timagonazi ndi za mwini famu. Malo okhawo amene munthu wa ife amapatsidwa n'kusalandidwanso ndi amene amugonekapo. Ndinkamva ngati kudandaula kwa nkhalamba chabe. Ndinadzamvetsa pambuyo pake kuti iwo ankanena lamulo lawo.

Mafamu atagawidwa, murungu atachoka, mbali ya mabalani inapatsidwa kwa a Marufu, bambo wina wogwira ntchito ku Harare amene ankabwera kumapeto kwa sabata. Ife tinatsala pa komboni, osati chifukwa tinali ndi ufulu wotero, koma chifukwa a Marufu ankafuna manja. Tinkakhalira maricho, ganyu wa tsiku ndi tsiku. Sanali munthu wankhanza. Mwana akadwala ankamutenga pa galimoto lawo. Fodya ankalima ndi ngongole, ndipo obwereketsawo anawakakamiza kulembetsa mabalani ndi fodya yense ku kampani ya inshuwalansi, kuti kukagwa matalala kapena moto, kampaniyo ibweze.

Moto unagwa Loweruka lina masana, pa balani lakumapeto. Fodya anali atafika poumitsa msana wa tsamba, pamene kutentha kumakhala kwakukulu ndipo mapaipi a pansi amafiira. Nthawi imeneyo tsamba limodzi louma likagwera pa paipi, basi. Wodziwa ntchito akaona utsi wachilendo amatseka paliponse kuti moto usapume. Zuze anali pa ng'anjo yekha. Anaona utsi, natsegula chitseko, nalowa, mwina poganiza kuti apulumutsako fodya wa abwana. Chitseko chija chinaupatsa moto mpweya. Anthu pothamanga kuchoka kumunda anapeza denga litagwa kale. Chimene munthu wotuta nkhuni ankachita pa ng'anjo tsiku limenelo ndichinena kutsogoloku.

Apolisi anabwera, natola zimene anakwanitsa kutola, nazitenga m'bokosi lachitsulo. Patapita masiku anatibwezera kuti tiike. Bokosi limene tinakhoma linapepuka ngati la khanda. Sekuru analinyamula mbali imodzi, nalibweza pansi, nati, "Munthu sali yense umu."

A Marufu, amene sabata imeneyo sanabwere, anali atalamula kale pa foni kudzera mwa kapitawo kuti pasapezeke wokhudza kanthu m'balanimo, ngakhale msomali, mpaka anthu a inshuwalansi adzaone ndi maso awo. Tinadikira. Kampani inkati anthu ake atanganidwa ndi mafamu amene anakanthidwa ndi matalala. Sabata inatha, inzake inayamba. Mvula inkagwa masana aliwonse, ndipo madzi akuda ankatuluka pakhomo la balani, kutsata njira yopita ku komboni, kudutsa pamene amayi amatsukira mbale, mpaka ku mjigo. Anthu anayamba kuwalumpha madziwo osayang'ana pansi. Nkhuku zinkapalasa m'phulusamo. Bokosi la Zuze tinali titaliika, koma mwambo wosesa sunachitike, chifukwa phulusa lenileni lofunika kusesa linali lotsekeredwa ndi mawu a pa foni.

Tsiku lina m'mawa Sekuru anaona galu akutuluka m'balanimo, mphuno ili mbuu, atanyamula kanthu kukamwa. Anamugenda, natola kanthuko, nakakulunga m'mpango wawo. Sananene kuti kanali chiyani, ndipo palibe anafunsa. Anangoitana adzukulu kuti abwere ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala.

Kapitawo anawatsekereza pakhomo. "Sekuru, abwana anati chiyani? Mukufuna tonse tigone kutchire?"

"Abwana ako anaika katundu m'menemu, ndikudziwa. Ife tinaikamo munthu. Wayamba kutuluka ndi agalu."

"Dikirani masiku ochepa okha."

"Iweyo ukadzafa, tidzakudikiritsa pabwalo mpaka a ku Harare apeze mafuta a galimoto. Patuka."

Kapitawo anapatuka. Muyenera kudziwa kuti fodya wathu sitinkamusokerera pa mikangala monga kwathu ku Malawi. Tinkamupana m'zopanira zawaya, zazitali ngati mkono wotambasula, n'kuzipachika m'mizere mpaka kudenga. Moto utatha, zopanira zonsezo zinagwera pansi n'kupiringizana ndi phulusa ndi makala. Mnyamata wina anati tipatule mawayawo, tiwasiye pambali. Sekuru anamuuza kuti alowetse dzanja lake asonyeze pamene waya wathera ndi pamene Zuze wayambira. Palibe anapatula kanthu. Tinakumba dzenje lalikulu kuzungulira manda aja, tinatuta tsiku lathunthu, wilibala pambuyo pa wilibala, ndipo amayi anasesa pansi mpaka simenti inaoneka. Madzulo ake anthu anadya bwino kwa nthawi yoyamba chichitikire ngozi. Ife tinkaona kuti tachita chinthu choyenera. Panalibe mmodzi mwa ife, ngakhale Sekuru, amene ankadziwa kuti tinakwirira umboni.

Woyesa zowonongeka wa kampani anafika sabata yomweyo. Anaima pakhomo la balani, nayang'ana pansi poyera ngati m'tchalitchi, naseka kuseka kopanda chimwemwe. Anajambula zithunzi ndi foni yake n'kubwerera. Yankho la kampani linali lakuti ilipira denga ndi makoma, koma pa fodya ipereka kangachepe, ngati kuti balanilo linali pafupifupi lopanda kanthu, chifukwa panalibe choonetsa kuti munali fodya wochuluka bwanji. A Marufu anakana. Balani linali lodzaza, ndipo limeneli linali tsamba labwino la pakati pa mtengo, limene ankayembekezera kubwezera ngongole.

Apa ndi pamene ndinaphunzira mmene milandu ya anthu a mapepala imayendera. M'pangano la inshuwalansi munali mawu akuti ngati mwini katundu ndi kampani asemphana pa mtengo wa zimene zawonongeka, asathamangire kukhothi. Aliyense asankhe woyesa wake, awiriwo asankhe wachitatu wokhala pakati, ndipo chimene awiri mwa atatuwo agwirizana chimamanga onse. Kusankha wachitatuyo kokha kunatha miyezi. Dzina likaperekedwa, mbali iyi inkati ameneyo anadyapo za kampani. Lina likabwera, mbali inayo inkati ameneyo amapemphera ndi a Marufu. Pomaliza anagwirizana pa mayi wina wachikulire wa magalasi, amene kale ankagula fodya ku okushoni.

Anakumana m'shedi yosankhira fodya, nthawi yachisanu, ndipo Sekuru anaitanidwa kudzafotokoza. Chishona ankachidziwa bwino, koma anati nkhani ya maliro sangaiyankhule ndi lilime lobwereka. Anasankha ine, Sitefano Tembo, kuti ndiwatanthauzire, poti ndinali nditayamba sukulu ya akuluakulu kutchalitchi ndipo ndinkamvako Chingerezi cha apo ndi apo. Za sukuluyo ankandiseka kuyambira pachiyambi. Ankandifunsa kuti ndikufuna kuwerenga chiyani chimene makutu anga sanamve.

Mayi wapakati anafunsa ngati balani linali lodzaza.

"Lodzaza mpaka kudenga," anatero Sekuru. "Ndinapachika ndine."

Woyesa wa kampani, munthu wowonda wolankhula motsitsa, anafunsa kuti Sekuru amagona m'nyumba ya ndani ndipo amadya za ndani. Kenako anauza mayiyo kuti mboni yodya m'dzanja la mwini mlandu singayesedwe yoima payokha. Nditawatanthauzira, Sekuru anagwedeza mutu.

"Uwauze kuti akunena zoona. Ngakhale mpweya ndimapuma wa a Marufu. Akafune mboni imene sikhala pa malo a munthu, mwina khwangwala."

Za khwangwalazo sindinatanthauzire.

Ndiye woyesa wa a Marufu anaimirira, nkhope ikuwala ngati wapeza njira. Anati fodya amapsa koma waya sapsa. Chopanira chilichonse chimatenga masamba odziwika kuchuluka kwake. Angowerenga zopanira zimene zinapsa, ndipo aliyense aona ngati balani linali lodzaza kapena ayi. Anatembenukira kwa Sekuru. "Mawaya aja munawataya kuti, mudhara?"

"Ali ndi mwini wake."

"Mwini wake ndi a Marufu awa."

"Mwini wake ndi amene anafera m'menemo."

Apo onse m'shedimo anamvetsa kuti mawayawo ali m'manda a Zuze. A Marufu anavula chipewa, nachiika pabondo. "Sekuru, ndapota," anatero, kuchonderera m'Chishona. "Palibe akufuna kunyoza wakufa. Titsegula mbali imodzi yokha, tiwerenge, tibwezeretse bwinobwino. Ndigula bokosi latsopano, ndiitana abusa, ndipha mbuzi. Popanda zimenezi ine ndagwa, ndipo ndikagwa ine, inu nonse mugwira kuti ntchito?"

"Uwauze abwana kuti mawu awo ndi abwino," anatero Sekuru kwa ine. "Koma Zuze tinamutola kamodzi m'kamwa mwa galu. Kachiwiri sitimutola m'fosholo ya anthu owerenga."

Mayi wapakati anavula magalasi. Anati iye anaitanidwa kudzayesa mtengo wa zimene zinapsa, basi. Kulamula kuti manda afukulidwe si mphamvu yake, ndipo ngakhale atatu onsewo atasaina, pepala lawo silingakweze fosholo imodzi. Zimenezo n'za boma ndi khothi.

Ndinayesa kuti zatha. Koma wa kampani uja anati ali ndi funso lina. Pangano limafuna kuti pa ng'anjo pakhale munthu wodziwa ntchito nthawi zonse. Apolisi analemba kuti womwalirayo anali wotuta nkhuni. Anamuika pa moto ndani? Mayi wapakati anati funso la amene analakwa si la pa tebulo ili, ndi la kukhothi. Wa kampani anati akudziwa, koma akufuna yankho lilembedwe, chifukwa kampani ikhoza kukana kulipira chilichonse. A Marufu nawonso anatembenuka, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti dzina limene litchulidwe, mwini wake sagona pa komboni sabata imeneyo.

Loweruka lija pa ng'anjo panayenera kukhala ine. Sekuru anali atachezera usiku wonse ndipo anapita kukagona atandisiyira moto. Koma masana amenewo kusukulu kunali kuwerenga mokweza pamaso pa anzathu, ndipo ndinali nditakonzekera sabata yonse. Ndinaitana Zuze, ndinamulonjeza ndudu ndi mbale ya chakudya, ndinamuuza kuti azingoponya chikuni moto ukachepa. Za chitseko sindinamuuze. Utsi ndinauona pa zenera la tchalitchi, buku lili m'manja. M'chipwirikiti chija palibe anafunsa kumene ndinachokera, ndipo ine ndinkayesa kuti palibe akudziwa.

Funso lija ndinalitanthauzira. Sekuru sanachedwe.

"Ndine. Ndinamuika ndine. Ndinatopa."

Onse ankandiyang'ana, akudikira. Sekuru anatembenuza nkhope yawo yopanda nsidze ija.

"Tanthauzira, Sitefano. Sukulu ija unkapitira chiyani?"

Ndinatanthauzira. Ndi pakamwa panga pomwe ndinauza anthu aja kuti Sekuru Mwale ndiwo anaika Zuze pa moto, ndipo mayi uja analemba.

Chigamulo chinatuluka patapita nthawi. Wapakati anasaina pamodzi ndi wa kampani, pa mtengo wokwererapo pang'ono koma wosafika ngakhale theka la zimene a Marufu ankafuna. Anati sangayese chimene sanachione. A Marufu anapita kwa maloya, ndipo maloyawo anati chigamulo chotere khothi silichiphwasula wamba, pokhapokha ataonetsa kuti panali umboni umene sunamvedwe. Umboniwo unali pansi pa mtumbira. Anakapempha chilolezo chofukula ku ofesi ya boma, ndipo kumeneko anafunsa ngati pali m'bale wa womwalirayo amene akukana. Zuze analibe m'bale wodziwika. Sekuru anavala jekete lawo la maliro, nakwera kombi, minibasi ya kuno, nakaima pamaso pa mkulu wa ofesiyo, ine ndili pambali. Anati m'bale wake ndi iwo. Mkuluyo anapempha pepala loonetsa ubalewo, koma Sekuru analibe, ndipo chitupa chawo chinkawatchula kuti mlendo, ngakhale anakalambira m'dziko muno.

"Uwauze kuti kwathu amene wakukwirira ndiye m'bale wako. Ngati ali ndi wina amene anagwira fosholo kuposa ine, amubweretse."

Mkulu uja anali munthu woopa za manda. Anatseka failo, nati malinga ngati pali munthu wamoyo amene akukana, iye dzanja lake saliika. A Marufu akafune lamulo la woweruza. Mlandu unalowa m'khothi, n'kumangosunthidwa chaka ndi chaka. Ndalama ya dziko inasintha, maloya anasintha, koma failo sinafe.

A Marufu anasonkhanitsa komboni yonse pansi pa mtengo wa mango. Anati atopa kupempha: kaya manda atsegulidwe, kaya nyumba zawo zibwezedwe. Tsiku limenelo anthu amene anatuta phulusa ndi manja awo anatembenukira Sekuru. Woyamba anali Nabanda, mayi wosankha fodya, wa ana asanu ndi mwamuna wolumala.

"Inu Sekuru, Zuze akudya? Zuze akufuna yunifolomu? Ife tikhale pamsewu chifukwa cha mawaya? Munthu sitinkadziwa n'komwe dzina la bambo ake."

"N'chifukwa chake, Nabanda. Wa dzina ali ndi omulankhulira."

"Inu mwakalamba, manda ndi anzanu. Ife tili ndi amoyo."

"Ukunena zoona, mwana wanga. Koma akatsegula awa chifukwa cha mawaya, manda a amayi ako adzawatsegula chifukwa cha chimanga. Thalakitala ikungodikira woyamba."

Kenako anauza a Marufu kuti amene anasesa ndi iwo, amene anaika Zuze pa moto ndi iwo, wokana ndi iwo. Achotse iwo okha, ena alibe mlandu. A Marufu anavomera, mwina poganiza kuti nkhalamba ikagona panja usiku umodzi ifewa. Sekuru anatola malata opsa a balani lija, amene palibe ankawafuna, nakamanga chisakasa pambali pa mtumbira. Chipika chawo anachikoka okha kutsetsereka nacho. Kuchotsa munthu kumanda a Marufu sanayerekeze.

Sindinganene kuti zonse zinayenda bwino ayi. A Marufu anachepetsa munda wa fodya, mabalani ena anazima, maricho anasowa. Mabanja angapo anasamukira kokumba golide m'mphepete mwa mtsinje wa Mazowe. Mwana wamkazi wa Nabanda anasiya sukulu, nakwatiwa asanakhwime, ndipo Nabanda sanawapatsenso moni Sekuru mpaka imfa yawo. Nthawi zina ndimagona ndikudzifunsa ngati fosholo ya tsiku limodzi ikanakhala yoipa kuposa zimenezi. Chimene ndikudziwa n'chakuti munda wa chimanga unkayandikira bulugama chaka chilichonse, ndipo unaima pamene pafika mthunzi wa chisakasa chija.

Kawiri konse kunabwera anthu achilendo ndi mapiki, akuti atumidwa kudzayeza malire. Anapeza nkhalamba ili pachipika, ikuwotha kamoto ka m'chitini, ikuwayang'ana. Sinawatukwane. Inangoyamba kutchula mayina a ogona pamenepo mmodzimmodzi, ndi kwawo kwa aliyense, ngati ikuwadziwitsa kwa alendo. Anthuwo anabwerera asanatsitse mapiki pamapewa.

Ine ndinkawapititsira nkhuni ndi chakudya chimene mkazi wanga ankapatula. Tsiku lina ndinalimba mtima. "Sekuru, za Loweruka lija..."

"Nkhuni zako n'zaziwisi, Sitefano. Ukufuna kundipha ndi utsi?"

Ndinayesanso chaka china, ndipo anandifunsa ngati ndafika powerenga Masalimo osaloza ndi chala. Nditavomera, anati ndiwawerengere limodzi, mokweza, kuti ndi Zuze yemwe amve chimene anadikirira moto. Ndinawerenga. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kundikhululukira kapena kundilanga. Iwo anali otero.

Ndinawapeza Lachiwiri m'mawa ali pachipika, msana atatsamira malata, nkhope kuloza njira yochokera kumabalani. Moto wa m'chitini unali utazima. Tinawagoneka pafupi ndi Zuze. Mwana wawo sanabwere. Nabanda anabwera, naima kumbuyo, osaimba nawo.

A Marufu akuluakulu masiku ano sayenda, anafa ziwalo mbali imodzi. Famu akuyendetsa ndi mwana wawo, mnyamata waulemu wophunzira bwino. Anabweretsa ufa ndi kabichi kumaliro, nagwira aliyense dzanja. Pochoka anandikokera pambali.

"Baba Tembo, pepani kwambiri. Anali munthu wolimba." Anayang'ana mtumbira waukulu uja. "Nkhani yakale ija tsopano itha mwamtendere. Loya akuti wokana palibenso."

Pobwerera ku komboni ndinaona kuti kuseri kwa mabalani kwaima chigalimoto chachikasu chokumbira, chamkono wautali. Kapitawo akuti chabwera kudzakonza damu. Damu lathu lili mbali ina ya famu.

Madzulo a tsiku la maliro ndinatsetserekanso ndekha kukaona chisakasa. Chitseko cha thumba chinali chikukupiza ndi mphepo. M'kati munali mphasa yopindidwa, jekete la maliro pa msomali, ndi chitini cha jamu chili chozondotsa monga ankachisiyira. Panja, udzu unali utatha pamene mapazi awo ankaponda, timaenje tiwiri m'dothi. Chipika chinali pomwepo, chosalala pamwamba, chonyowa ndi mame. Popanda munthu wokhalapo ndinaona kwa nthawi yoyamba kuti mtumbira wa Zuze uli pafupi bwanji ndi mzere womaliza wa chimanga, ndiponso kuti njira yochokera kumabalani ndi yotakata mokwanira.

M'mawa mwake tinasesa phulusa la moto wa maliro monga mwa mwambo. Anzanga atabalalika, ndinalowa m'nyumba, ndinapinda bulangete langa, ndinatenga chitupa, buku la Masalimo ndi kope ili. Ndinauza kapitawo kuti akauze abwana aang'ono kuti loya wawo wawerenga molakwa: Zuze ali ndi m'bale, ndipo akafuna kudziwa ubale wake adzafunse amene anayenera kukhala pa ng'anjo Loweruka lija. Kenako ndinatsetsereka. Ndinakoleza moto m'chitini, ndi nkhuni zouma. Kumtunda wina anali atayamba kuliza injini ya chigalimoto chija kuti itenthe. Ndinapukuta mame pachipika, ndinakhalapo, nkhope kuloza njira.